Ndudu ya Pasiwa

Munthu amene anasiya fodya atasuta zaka zambiri amagwa kawirikawiri pamaliro. Usiku wa mu June ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound, mphepo yochokera kumtsinje wa Kafue ikulasa m'mafupa, azibambo azungulira moto, ndudu imodzi ikuyenda dzanja ndi dzanja mpaka yafika kwa iye. Kukana pamenepo n'kovuta, pakuti womupatsayo ndi mnzake wapamtima, mwina yemwe ankasuta naye pageti la Kafue Textiles fakitale isanatsekedwe. Lamulo la 2008 loletsa kusuta pamalo a anthu ambiri palibe amene amalikumbukira pasiwa, ndipo pakantemba ndudu amagulitsa imodziimodzi, moti ngakhale wosweka m'thumba amaipeza. Zimandiwawa kuona khama lake likupsa usiku umodzi, pamene bungwe la WHO limati pakatha chaka munthu atasiya, chiopsezo cha matenda a mtima chimatsika kufika pafupifupi theka la cha wosuta. Chibaba chimakwera n'kutsika m'mphindi zochepa chabe. Achimwene okhala naye pafupi, nduduyo ikayandikira mutumeni akatenge nkhuni, mupatseni tiyi ndi mtedza wokazinga, ndipo musamupatse ndudu ngakhale atapempha yekha.