Kasankhidwe ka Mabuku m'Malaibulale a m'Makoleji: Gawo Lachiŵiri

Pa 18 Disembala 2015 moto unapsereza laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu, ndipo mabuku pafupifupi 45,000 anasanduka phulusa. Chakudza sichiimba ng'oma. Abwenzi akufuna kwabwino, a m'dziko muno ndi akunja omwe, anathamanga ndi mphatso za mabuku. Komatu ngoziyo inautsa funso limene likhudza koleji iliyonse: kodi buku liyenera kuloŵa m'laibulale chifukwa chakuti lapezeka, kapena chifukwa chakuti lifunika?

Woyang'anira laibulale wodziŵa ntchito yake amayambira pa maphunziro. Iye amapempha aphunzitsi a chigawo chilichonse kuti alembe mndandanda wa mabuku ogwirizana ndi silabasi, ndipo amaonanso mabuku amene ophunzira amawalimbirana. Kuno ku Dedza, laibulale ya koleji ya zankhalango ku Chongoni iyenera kutsogoza mabuku a kasamalidwe ka paini ndi mitengo yachilengedwe monga msuku ndi mlombwa, pamene ya koleji ya aphunzitsi ya St Joseph's ku Bembeke iyenera kutsogoza a kaphunzitsidwe ka ana aang'ono.

Chachiŵiri ndi thumba. Mabuku ambiri a maphunziro apamwamba amagulidwa ndi ndalama zakunja, kotero kuti pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yomweyo inayamba kugula mabuku ochepa. Nchifukwa chake malaibulale anachita mwanzeru kukhazikitsa mgwirizano wa MALICO mu 2003, kuti azisonkherana polipirira zolemba za akatswiri za pa intaneti. Mutu umodzi susenza denga.

Nanga mphatso? Nzoonadi mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, koma si kalumo kalikonse kameta. Buku la zamankhwala lakalekale lingasokeretse wophunzira, ndipo lonena za ulimi wa kumaiko a chisanu limangodya malo pashelefu. Kukana buku lotere si mwano, koma kulemekeza woŵerenga.

Pomaliza, pali zolemba zathuzathu. Buku la ku London likatayika ligulikanso, koma "Mbiri ya Acheŵa" ya S. J. Ntara, kapena kafukufuku wa zojambula za m'mapanga a Chongoni, zimene UNESCO inazivomereza mu 2006 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi, tikapanda kusunga ife, adzatisungira ndani? Nchifukwa chake laibulale ya Yunivesite ya Malaŵi ku Zomba ili ndi chigawo chapadera chotchedwa Malawiana.

Inu aphunzitsi, musadikire kufunsidwa. Perekani mndandanda wanu chaka chisanayambe. M'gawo lotsatira tidzaona za kuchotsa mabuku otha ntchito.