KAPASITA IKATUPA TISATAYE KOMPYUTA YONSE

Anzanga aseminale, makompyuta ambiri amene timaphunzirira m'masukulu athu ndi akale, ena olandira kwa anthu akufuna kwabwino atagwira kale ntchito zaka zambiri kwina. Tsono imodzi ikayamba kuzima yokha kapena kukana kuyaka, chigamulo chimakhala chachangu: yafa, kaiikeni ku sitolo. Ine ndikuti chigamulo chimenechi nthawi zambiri nchopupuluma. Kawirikawiri chimene chawonongeka ndi kachipangizo kochepa ngati nsonga ya chala, kotchedwa kapasita, kamene kangathe kuchotsedwa nkuikapo kena.

Mukatsekula kompyuta mudzaona bolodi lalikulu lotchedwa motherboard, ndipo pa ilo pali tizitini taima chilili. Amenewo ndiwo makapasita. Ntchito yawo ikufanana ndi ya thanki la madzi: pampu ikamapopa modukizadukiza, thanki limachititsa kuti madzi azituluka mofanana ku mpope. Kapasita nayo imasunga magetsi kwa kanthawi kuti ziwalo za kompyuta zilandire mphamvu yosasinthasintha. M'kati mwake muli timapepala ta aluminiyamu tokulungidwa pamodzi ndi pepala lonyowa ndi madzi a mankhwala. Pakapita zaka madziwo amauma kapena kudontha, ndipo kutentha kumafulumizitsa zimenezi. Amisiri amawerengera kuti kutentha kukakwera ndi madigiri 10, moyo wa kapasita umafupika ndi theka. Ganizirani tsono za kompyuta yodzaza fumbi m'mwezi wa Okotobala!

Kapasita yodwala imadziwika. Mutu wake umene uyenera kukhala wophwathalala umatupa, nthawi zina nkung'ambika, ndipo pamaoneka zinthu zofiirira zouma. Vutoli linakula kwambiri pa makompyuta opangidwa pakati pa 1999 ndi 2007. Mu 2003 magazini ya IEEE Spectrum inalemba za makapasita ochokera ku makampani ena a ku Taiwan amene mankhwala ake anasakanizidwa moperewera, kotero kuti ankatulutsa mpweya wa haidirojeni nkutupa msanga. M'zaka zomwezo kampani ya Dell nayo inakumana ndi makapasita olakwika, ndipo mu 2005 inapatula ndalama pafupifupi madola 300 miliyoni zokonzera makompyuta ake a OptiPlex. Onani kuti kampani yaikulu chotere inasankha kukonza. Nanga ife ndife olemera motani kuti tizingotaya?

Makompyuta akale kuposa amenewa ali ndi nthenda yobisika. Pa Macintosh SE/30 ya 1989 ndi Amiga 1200 ya 1992, makapasita ang'onoang'ono omatidwa pamwamba pa bolodi samatupa ayi. Amaoneka abwinobwino, koma amadontha pansi, ndipo madziwo amadya tinjira ta kopa todutsa magetsi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mukawatenthetsa amanunkha ngati nsomba. Choopsa nchakuti kudyekaku kumapitirira ngakhale kompyutayo ili chikhalire pa shelefu. Motero amene amati tiisunge tidzaiona m'tsogolo akuipha pang'onopang'ono osadziwa. Palinso mtundu wina wotchedwa tantalum, wopezeka pa IBM PC ya 1981, umene ulibe madzi koma umatha kuphulika ndi kautsi munthu akangoyatsa makina ogonera zaka zambiri. Nchifukwa chake ndi bwino kuyamba mwayendera bolodi ndi maso musanalumikize ku magetsi.

Sindikunena kuti aliyense atenge chitsulo chowotcherera nkuyamba kusosola. Safunsa anadya phula. Ntchitoyi ili ndi malamulo ake. Loyamba, chotsani kompyuta ku magetsi, ndipo musatsekule bokosi limene limalandira magetsi kapena sikirini zakale zokhala ndi chimsana, chifukwa zimasunga mphamvu yotha kupha munthu ngakhale zitazimitsidwa. Zimenezo nza amisiri. Lachiwiri, jambulani kapena lembani m'mene kapasita iliyonse yakhalira musanaichotse. Lachitatu, werengani manambala ake. Ikalembedwa 1000µF ndi 6.3V, yatsopano ikhalenso ya 1000µF, ndipo mavoti akhale omwewo kapena okwererapo, osati otsika. Yolembedwa madigiri 105 imapirira kutentha kuposa ya 85. Lachinayi, miyendo yake siisinthanitsidwa. Pa kapasita ya aluminiyamu mzere umasonyeza mwendo wa negativi, pamene pa tantalum chizindikiro chimasonyeza wa positivi. Mukaitembenuza iphulika.

Ena amakonda njira yachidule yopotokola kapasita ndi pulayazi mpaka ithyoke. Ine sindigwirizana nayo, pakuti ngati madzi aja afewetsa kale bolodi, kapasita imazuka pamodzi ndi kopa yemwe, ndipo kavuto kakang'ono kamasanduka chintchito. Sungunulani mtovu wa miyendo yonse modekha, kenaka pukutani malowo ndi spiriti ya isopropyl. Kuona maso a nkhono nkudekha. Komanso musasinthe imodzi yokha imene yaonekera. Anzake a mtundu womwewo anabadwa tsiku limodzi ndipo apsa ndi kutentha komweko, choncho mawa ndi iwo.

Ndikudziwa kuti wina anena kuti uku nkutaya nthawi, popeza makina akale ngochedwa. Zoona, sangachite zonse zimene atsopano amachita. Koma kompyuta ya zaka makumi awiri ikhoza kulembabe kalata, kusunga mayina a akhristu a pa parishi ndi kuphunzitsa mnyamata wa Fomu 1 kutaipa. Mtengo wa makapasita khumi sungafanane ndi wa kompyuta ina. Ndipo pamene ophunzira atatu akulimbirana makina amodzi, kompyuta iliyonse youkitsidwa ndi mpando wina m'kalasi. Ndivomereze kuti pali mabolodi ena odyeka kotheratu. Amenewo tichotsemo zimene zikadali zabwino, ndipo otsalawo tisawaponye m'dzala kapena pamoto, chifukwa muli mtovu ndi zina zowononga nthaka.

Nkhaniyi ikukhudzanso chikhristu chathu. Lipoti la bungwe la United Nations linati m'chaka cha 2022 dziko lapansi linataya matani 62 miliyoni a zipangizo za magetsi, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa anayi nzimene zinasonkhanitsidwa bwino kuti zigwirenso ntchito. Malemu Papa Francisko, m'kalata yawo ya Laudato Si' ya 2015, anadzudzula khalidwe lomangotaya zinthu. Sitingamawerenge kalata imeneyi m'kalasi kwinaku tikuunjika makina ku sitolo chifukwa cha kachitini kamodzi.

Pempho langa kwa Bambo Rekitala ndi aphunzitsi athu a sayansi ndi lakuti atilole kukhala ndi kagulu kokonza zipangizo, kokumana pa nthawi ya ntchito za manja kamodzi pa sabata, motsogozedwa ndi munthu wodziwa. Tiyambe kuphunzirira pa mabolodi akufa, kenaka tifike pa odwala. Ena mwa ife, Mulungu akalola, tidzatumikira m'maparishi a kumidzi kumene mmisiri ali kutali, ndipo luso limeneli lidzatithandiza. Komanso wansembe wa mawa ayenera kuzolowera kufufuza pamene pawonongeka ndi kukonzapo msanga, m'malo mothamangira kunena kuti chinthu chatha ntchito. Mtima umenewu tidzaufuna ngakhale pa nkhosa zimene tidzapatsidwe.