Sankhani ntchito imodzi, muimalize

Anzanga a mu kooperativa,

Pamsonkhano akafunsa kuti, "Ndani adzipereke?" manja amakwera ambiri. Koma pakapita miyezi iwiri, ntchito ija yagona. Kodi ndife aulesi? Iyayi. Timasankha osaganiza.

Ine ndemwe ndinalakwapo. Chaka china ndinavomera ntchito zitatu nthawi imodzi: kuphunzitsa akuluakulu kuwerenga, kusamala nazale ya mitengo, ndi kulemba ndalama za pa mjigo. Itafika Disembala, udzu unadzaza m'munda mwanga. Ndinathamangira kukapalira. Kalasi inaima. Mbande zinakulira m'machubu, osaokedwa. Amayi ena amene anali atayamba kulemba dzina lawo sanabwerenso. Akuluakulu ananena zoona: ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono musanakweze dzanja, dzifunseni mafunso atatu.

Loyamba: kodi ine ndimadziwa chiyani? Wodziwa kuwerengera asunge buku la ndalama. Wodziwa kuwerenga aphunzitse mnzake. Musanene kuti, "Ine sukulu yanga njochepa." Inenso ndinalekezera pulaimale. Mozambique italandira ufulu mu 1975, mwa anthu 10 aliwonse pafupifupi 9 sankadziwa kuwerenga. Kampeni yophunzitsa akuluakulu itayamba mu 1978, ambiri amene ankaphunzitsa anali odzipereka, a sukulu yochepa ngati ife.

Lachiwiri: kodi ntchitoyi igwa nyengo iti? Kuno ku Angónia, Disembala ndi Januwale ndi miyezi ya khasu. Amene ali ndi munda waukulu asalonjeze kalasi ya tsiku ndi tsiku nthawi imeneyo. Atenge ntchito ya m'munda momwemo. Mwachitsanzo, mbozi zowononga chimanga zimene zinafika m'dziko lino mu 2017 zimabisala pamtima pa chimanga, pamene pamatulukira masamba atsopano. Munthu mmodzi akamayendera minda ya kooperativa kawiri pa sabata, amaziona msanga n'kuchenjeza anzake.

Tikakolola, kuyambira Juni mpaka Okutobala, manja amapepuka. Imeneyo ndiyo nthawi ya kalasi, yokumba maenje a manyowa, yokonza nkhokwe, ndi yofesa mitengo ngati nsangu. Nsangu imayoyola masamba mvula ikamagwa, motero siphimba chimanga, ndipo masamba akewo amasanduka manyowa.

Lachitatu: ndikadwala, kapena kukagwa maliro, ndani agwire m'malo mwanga? Musayambe nokha. Pezani mnzanu. Mutu umodzi susenza denga.

Ena adzati, "Ntchito ndi zambiri, anthu ndi ochepa. Tikasankha imodzi, zinazo achita ndani?" Funsoli ndi loona. Koma taonani: ndinatenga zitatu, ndipo palibe imene inatha. Chaka chino ndatenga kalasi yokha. Nazale aisamala anyamata awiri. Buku la mjigo lili ndi mayi wina amene anaphunzira kuwerengera m'kalasi mwathu momuno.

Kukana ntchito imene simungathe si manyazi. Manyazi ndi kulonjeza, anthu n'kumakudikirani pansi pa mtengo, inu osabwera.

Pamsonkhano wotsatira, bwerani ndi pepala. Mulembepo ndi dzanja lanu zinthu zitatu: ntchito imene mwasankha, miyezi imene mudzaigwire, ndi dzina la mnzanu wokuthandizani.