Musanapente chipinda, werengani kaye ming'alu

Nditabwerera ku Karonga nditamaliza sukulu ya ukachenjede, agogo anandipatsa chipinda chakumapeto m'nyumba yawo yakale, ija anamanga malemu agogo aamuna ndi njerwa zootcha okha. Ntchito yanga ndi yolemba pa kompyuta, choncho chipinda chimenechi ndi ofesi, ndi pogona pomwe. Tsiku loyamba ndinangoima pakhomo n'kuyang'ana: khoma lotuwa, siling'i yothimbirira pakona, fungo la mileme. Mufoni ndinali nditasunga kale zithunzi za zipinda zokongola za pa Pinterest ndi TikTok. Ndinati apa n'zosavuta, penti basi, Loweruka limodzi zatha.

Ndinagula penti, rola ndi burashi. Ndikusakaniza pentiyo, agogo analowa, n'kuloza mng'alu wochokera pakona ya windo kutsetsereka mpaka pansi. "Mdzukulu wanga, uwu ukuudziwa? Usaubise usanaufunse."

Ndinaudziwa. Mu Disembala 2009 ndinali mwana wa kupulayimale pamene zivomerezi zinagwedeza Karonga motsatizana kuyambira pa 6. Chachikulu, cha mphamvu ya 6.0, chinabwera usiku wa pa 19 kuchera pa 20. Anthu anayi anamwalira, ndipo nyumba zikwizikwi zinagwa kapena kung'aluka. Ambiri tinkagona panja, mvula ili mkati. Boma lathu lili m'chigwa chachikulu cha Rift Valley, momwe mulinso Nyanja ya Malawi, ndiye nthaka ya kuno siinasiye kusuntha. Nyumba zambiri zomwe zinatsala chiimire zinangomatidwa pamwamba. Chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Penti ndinamuika pambali, ndipo anakhala pamenepo miyezi iwiri. Zomwe ndinaphunzira pa miyezi imeneyo ndi izi.

Ming'alu siifanana. Ina ndi yopyapyala ngati tsitsi, yoyenda uku ndi uku pa pulasitala. Imeneyo ndi ya pakhungu chabe, mutha kuikonza nokha. Koma mng'alu wotsatira mizere ya njerwa ngati masitepe, woyambira pakona ya windo kapena chitseko, wooneka m'kati ndi kunja komwe, kapena wolekanitsa makoma awiri pakona, umenewo ndi nkhani ina. Ukafika poti pensulo ikulowa, ndiye kuti wadutsa mamilimita 5. Pamenepo itanani mmisiri wodziwa ntchito, musalimbane nawo nokha.

Foni yanu ingakuthandizeni kudziwa ngati mng'alu ukukula. Chongani ndi pensulo pomwe wathera, lembani deti, muujambule mutaika rula pambali pake. Pakatha milungu inayi jambulaninso, kenako milungu ina inayi. Wanga sunasunthe, komabe unkaoneka ndi kunja. Ndinaitana amalume, omwe akhala akumanga nyumba kwa zaka zambiri. Atagogoda khoma n'kukanda pakati pa njerwa, dothi linayoyoka. Nyumbayo inamangidwa ndi matope, simenti inali ya pulasitala yokha, monga zilili nyumba zambiri zakale za kuno. Amalume anagumula njerwa zosweka, n'kumanga zatsopano molumana ndi zakale, kenako anayala waya wa nkhuku pamalopo asanamate. "Iwe ukanangothira simenti pamwamba," anatero, "ikanagwa mvula yoyamba isanathe." Ndalama yomwe ndinawapatsa ndi yomwe ndinasungira makatani. Sindidandaula.

Khoma litatha tinakwera kudenga, ngakhale kunena zoona kumeneko n'koyenera kuyambira. Banga lofiirira pa siling'i limatanthauza kuti malata akudontha, ndipo kupenta pansi pa denga lodontha n'kutaya ndalama. Masana dzuwa lili phwee, suzumirani m'siling'i: paliponse pomwe pakulowa kuwala, madzi amalowanso. Ife tinapeza misomali itatu yozuka ndi thabwa limodzi lomwe chiswe chinalidya n'kusiya chikhokhombe. Thabwa lotere mukaligogoda limalira ngati ng'oma. Tinalisintha, n'kupaka mankhwala a chiswe matabwa otsalawo. Ndowe za mileme tinaziwaza madzi tisanasese, titavala masiki, chifukwa fumbi lake likhoza kudwalitsa mapapo. Mipata yolowera tinaitseka madzulo mileme itatuluka, kuti isafere m'kati.

Pali zinthu ziwiri zomwe simuyenera kuzigwira nokha. Choyamba ndi mawaya akale a magetsi: ntchito imeneyo ndi ya munthu wovomerezeka ndi MERA. Chachiwiri ndi denga kapena siling'i ya asibesitosi, ija yotuwa yolimba ngati simenti, yomwe imapezeka m'nyumba zina zakale. Ikakhala yosasweka siivuta, koma mukaicheka kapena kuiboola, fumbi lake limayambitsa khansa patapita zaka zambiri. Chenjeraninso ndi penti wakale wa mafuta pa zitseko ndi mafelemu. Wina amakhala ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa ana. Musamupale wouma ndi sandipepala. Nyowetsani kaye, ana ndi amayi oyembekezera akhale kutali, mukatha mukolope bwinobwino.

Kenako chinyezi. M'munsi mwa khoma langa penti anali atatukusira, ndipo panali ufa woyera ngati mchere. Ndi madzi okwera kuchokera m'nthaka. Madera ambiri a m'mbali mwa nyanja kuno ndi a chidikha, ndipo mtsinje wa North Rukuru ukasefukira madzi amachedwa kuphwa. Nditazungulira kuseri ndinapeza kuti dothi launjikana n'kukwirira khoma, ndipo madzi a padenga amagwera pomwepo. Ndinafosholo dothilo, n'kukumba kangalande kopititsa madzi kutali. Ntchito ya tsiku limodzi, yaulere. Ndikanapaka penti wa mafuta pamenepo, chinyezi chikanatsekeredwa m'kati ndipo pentiyo akanasupuka.

Pulasitala wa malo ang'onoang'ono ndinamata ndekha. Ndinkasakaniza muyezo umodzi wa simenti ndi miyezo isanu ya mchenga wosefa, ndipo khoma ndinkalinyowetsa ndisanamate. Chovuta ndi kudikira. Pulasitala amafuna kuwazidwa madzi kwa sabata yathunthu, makamaka kuno kotentha komwe amauma msanga n'kusweka, kenako asiyidwe pafupifupi milungu inayi asanapentedwe. N'chifukwa chake nthawi yabwino ya ntchitoyi ndi kuyambira Juni mpaka Ogasiti. Mvula ya ku Karonga imachedwa kusiya, imalimba m'Malichi ndi Epulo, ndipo pofika Okutobala kutentha kwake simungakhale m'siling'i ngakhale mphindi khumi.

Kutenthako kunandiphunzitsanso kuti kukongola kwa chipinda cha kuno ndi mpweya. Wina anali atatseka timabowo tampweya ta pamwamba pa windo ndi makatoni, poopa udzudzu. Ndinachotsa makatoniwo n'kukhomerapo sefa ya waya, pawindo chimodzimodzi. Neti ndinaikhomera malo ake okhazikika, chifukwa malungo kunyanja kuno si nthabwala. Makatani akuda olemera omwe ndinaona pa intaneti ndinawaiwala. Ndinasoketsa chitenje chopepuka chomwe mlongo wanga anagula ku Kyela, kutsidya kwa Songwe.

Tsopano penti uja. Yezani musanagule, musachite ngati ine. Chipinda changa ndi mamita 3 m'lifupi, 3.5 m'litali, ndipo khoma ndi lokwera mamita 2.7. Kuchotsa chitseko ndi windo, zikukwana pafupifupi masikweya mita 32. Lita imodzi ya penti wa madzi imakwana masikweya mita 8 mpaka 10, ndiye kupaka kawiri kunafuna malita 7 kapena 8. Ine ndinali nditagula 5. Ngati thumba lapepuka, laimu ndi bwenzi: ndi wotchipa, amalola khoma kupuma, kungoti amadetsa zovala mukatsamira. Yambani ndi siling'i, kenako makoma, mafelemu pomaliza. Pansi sindinaikepo matailosi. Ndinangomata maenje, n'kupaka polishi wofiira, simenti ya agogo aamuna n'kuwala ngati kale.

Tsiku lolowetsa katundu ndinafuna kuika wadirobu kumutu kwa bedi, ndi shelefu ya mabuku pamwamba pake, monga ndinaonera pa chithunzi china. Agogo anangopukusa mutu. Ndinakumbukira kuti chivomerezi chija chinatipeza tili m'tulo. Wadirobu ndinaisunthira ku khoma lina n'kuimangirira, mabuku ndinawatsitsa pansi, ndipo njira yochoka pabedi kukafika pachitseko ndinaisiya yopanda kanthu. Chitsekocho ndinachipala m'munsi kuti chizitseguka popanda kukankha ndi phewa.

Anzanga a pa WhatsApp ataona zithunzi anayamikira mtundu wa penti. Palibe anafunsa za waya uli kuseri kwa pulasitala kapena kangalande ka kuseri kwa nyumba. Agogo okha ndi omwe amati akalowa, asanakhale pansi, amayamba ayendetsa dzanja pakona ya windo ija. Inenso pa 1 mwezi uliwonse ndimajambulabe malo amenewo.