Tisakhale a Marita masiku onse

Mwezi wa Disembala ukafika kuno ku Minga, mabenci a m'chalichi amayamba kuoneka. Mvula yagwa, udzu wamera m'cimanga, ndipo wina wapita kukafola feteleza wa FISP ku Petauke. Pa Lamulungu m'mawa mudzapeza azimai ndi makasu paphewa, azibambo pa njinga ulendo wa ku ganyu. Ine monga katekisiti amene ndimatsogolera mapemphero pa nthambi ina ya parishi yathu ansembe akakhala kwina, ndimawerenga mitu ya anthu ndi cisoni.

Koma lero sindifuna kuloza cala kwa alimi okha. Ndiyambe ndi ine mwini.

Caka catha, sabata imodzi ndinali ndi misonkhano inai: bungwe la zacuma, kukonzekera masika, kwaya, maphunziro a ana a Ukaristia woyamba, ndi maliro awiri pamwamba pake. Tsiku lina madzulo mdzukulu wanga anandifunsa kuti, “Agogo, bwanji masiku ano sitipemphera Korona pakhomo?” Ndinasowa poyankha. Ndinali kuthamanga ndi nchito ya Mulungu, koma Mulungu mwini wake ndinali nditamusiya pakhonde.

Ili ndi vuto la ife Akristu acangu. Tili m'magulu atatu kapena anai, yunifomu yocapidwa bwino, sitiphonya msonkhano. Koma tidzifunse, abale: tinakhala liti cete pamaso pa Mulungu kwa mphindi khumi zokha? Pa Luka 10:38-42 timawerenga za Marita ndi Maria. Marita sanali kucita zoipa, anali kuphikira mlendo monga mai aliyense wa ulemu acitira. Ambuye anamudzudzula cifukwa kutanganidwa kunamulanda mwai womvera mlendoyo. Pa Marko 1:35 Yesu mwini, atagwira nchito mpaka usiku, anadzuka kusanace kukapemphera payekha.

Wina adzati, “A katekisiti, inu mulankhula cifukwa simudziwa njala.” Njala ndiidziwa. Nanenso ndili ndi munda, ndipo cilala ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti dziko lagwa m'tsoka, cinapsereza cimanga canga monga ca wina aliyense. Mlimi amene amaopa kutaya tsiku limodzi la kupalira sindimuseka. Mpingo nawo sukakamiza munthu kugona ndi njala: Katekisimu imavomereza kuti zosowa zenizeni za banja ndi kusamalira odwala zingamasule munthu pa lamulo lopumula pa Lamulungu. Koma imacenjezanso kuti zifukwa zoterezi zisasanduke cizolowezi. Tinene zoona: ambiri timaphonya mapemphero cifukwa ca munda, koma madzulo a tsiku lomwelo timapezeka ku mpira, pa nsolo kapena pa foni mpaka batire kutha.

Ndipo cilala comweco cinatiphunzitsa kanthu. Tinalima, tinabzala, tinathira feteleza, koma mvula sitinathe kuigula. Khama ndi lathu, dalitso ndi la Mulungu. Papa Yohane Paulo Waciwiri, amene anayendera Zambia mu 1989, analemba kalata ya Dies Domini mu 1998 yokumbutsa kuti nthawi yopatsidwa kwa Kristu si nthawi yotayika.

Makolo athu analandira cikhulupiriro pano pamene ansembe a White Fathers anatsegula mishoni ya Minga mu 1923. Kunalibe zigayo, kunalibe mijigo, kunalibe njinga zamoto. Amai anali kusinja pa mtondo ndi kutunga madzi kutali, komabe ambiri anali kuyenda pansi mitunda yaitali kudzamva Misa. Ife tili ndi zida zofulumizitsa nchito, nanga nthawi imene tapulumutsa ipita kuti?

Ndipereke maganizo anai. Coyamba, banja lililonse lisankhe nthawi imodzi, makamaka mukatha kudya nsima ya madzulo, mphindi khumi ndi zisanu za pemphero, mafoni atazimitsidwa. Caciwiri, pemphero la Mngelo wa Ambuye masana silifuna chalichi. Imikani khasu, vulani cipewa, pempherani m'munda momwemo. Cacitatu, nyengo ya dzinja tizithandizana kupalira pa Cisanu ndi pa Ciweru, kuyambira minda ya okalamba ndi amai amasiye, kuti pasakhale wokakamizika kugwira khasu pa Lamulungu. Pamene maepiskopi a AMECEA anaika patsogolo timagulu ting'onoting'ono ta Akristu m'zaka za 1973 ndi 1976, colinga cinali kumva Mau a Mulungu ndi kuthandizana, osati kutolera ndalama kokha. Cacinai, ife atsogoleri ticepetse misonkhano ndi zolengeza. Si bwino kuti zolengeza zitalike kuposa ulaliki.

Ana athu amaphunzira ndi maso. Ndimakumana ndi ana a zaka khumi amene sadziwa kucita cizindikiro ca mtanda, pamene makolo ao ndi akuluakulu a magulu. Tikapitiriza motere, tidzasiya machalichi a malata atsopano opanda wopempheramo.

Kwathu tinayambanso Korona. Mdzukulu uja ndiye amatiitana, ndipo munda sunacepe ngakhale mzere umodzi.