Za Kwathu ku Nyanja: Dooko la Amayi



Sabata yatha ndinalandira kalata yochokera kwa amayi ku Chembe, mudzi umene alendo amautcha Cape Maclear, m'boma la Mangochi. Akuti kwabwera bwana wina wa m'tauni, afuna malo athu a m'mphepete mwa nyanja kuti amangepo nyumba yogona alendo. Amalume afuna kugulitsa. Amayi ati ndinenepo mau anga, popeza ndine kalaliki, ndazolowera mapepala. Ndagona nayo kalatayi masiku anayi, ndipo ndati ndikuuzeniko, pakuti ambiri a inu kwanu ndi kunyanja.

Alendo kwathu sanayambe lero. Amishoni a Livingstonia anafika m'chaka cha 1875, malungo nawathamangitsira ku Bandawe mu 1881. Manda ao alipobe. Mu 1980 Boma linatchinjiriza mapiri ndi zilumba kuti zikhale paki, ndipo mu 1984 a UNESCO anawerenga malowo pamodzi ndi malo osowa a dziko lonse lapansi. Chifukwa chake mbuna, tinsomba tamawangamawanga ta m'miyala tija ife tinkatiyesa chabe tiri ana!

Ndisaname, alendowo abweretsa ndalama. Msuweni wanga amawatengera pa boti ku Thumbi ndi ku Domwe, naponyera nkhwazi nsomba kuti iwo ajambule ikamatsika. Ndi ntchito imeneyo anafolera nyumba ya malata, osapondako kuno ku Joni. Ena ndi akhuki, ena alonda, ena asema ziboliboli. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa.

Koma kalumo komweko kamacheka. Mapiri amene agogo ankatolamo nkhuni momwe afunira tsopano ali ndi malamulo a paki. M'magombe a paki msodzi saloledwa kuponya ukonde kufupi ndi mtunda osapyola mamita 100. Zimenezo ndingazimve, chifukwa nsomba ziyenera kuswana. Chondiwawa ine ndi dooko. Mudzi wathu ngwopanikizika, kumbuyo phiri, kutsogolo madzi. Nyumba ya alendo ikamangidwa, mchenga wa patsogolo pake umasesedwa, naikapo mipando. Palibe angakuuzeni kuti chokani, koma mai wa mphika wakuda ndi mwana kumbuyo amachita yekha manyazi, nakatsukira kutali. Nanga thandala la usipa? Mlendo wolipira safuna fungo lake pa zenera. Msodzi asenza nsomba zake kukayanika kwina, ndipo tsiku ndi tsiku ulendo wa kumadzi utalikira.

Kumbukiraninso chaka cha 2020, m'mene matenda a Covid anaimitsa ndege. Mlendo ndi mame, ndipo chaka chimenecho anakamuka onse. Akhuki ndi alonda anakhala pansi. Msuweni wanga uja anabwerera ku chilimila, nakokera bwato pa dooko la amayi lomweli. Likanakhala logulitsa, sindidziwa akanakocheza kuti.

Ife a kuno tidziwa bwino kanthu kamodzi: pepala ukadindapo chala, latha. Mu ofesi ndimaona amuna aakulu akudza kudzadandaula za chinthu chimene anavomera okha osachiwerenga.

Tsono ndawayankha amayi motere. Asadinde chala pa pepala liri lonse kufikira nditafika pa Khirisimasi. Ngati bwanayo afunadi malowo, abwereke kwa zaka zowerengeka, alipire chaka ndi chaka, ndipo tikalembe pamaso pa amfumu kuti njira ya kumadzi ndi pokokera mabwato zikhala za mudzi. Akakana zimenezo, apite kwina.

Amalume akwiya, ndidziwa. Adzati mwana wa dzulo aphunzitsa akulu chifukwa cha sukulu ya mishoni. Ndawagulira kale jekete.

Inu a ku Senga Bay, Nkhata Bay ndi Chintheche, ngati zotere zinakuonekerani kwanu, lemberani kuno mutiuze m'mene munapanganira.