Mafuta onunkhira atuluka bwino, nanga nthaka?

Ku Wyoming, m'dziko la America, makampani ofukula gasi wa methane wopezeka m'malasha amayamba apopa madzi ambirimbiri apansi kuti gasiyo atuluke. Madziwo amakhala ndi mchere, makamaka sodium. Derali ndi louma, ndiye kungowataya n'kowawa. N'chifukwa chake akatswiri ena anayesa kuthirira nawo mbewu zotulutsa mafuta onunkhira, monga mint ndi lemongrass. Ine ndikuti ganizoli ndi lanzeru, koma pokhapokha maso athu ali pa nthaka.

Nzeru yake ili apa. Mafuta amenewa satengedwa pofinya masamba ayi. Amawatcheza ndi nthunzi, ngati mmene amatchezera kachasu. Nthunzi imanyamula mafutawo, ikazizira amasonkhana m'chotengera. Mchere suuluka ndi nthunzi, umatsala m'masamba ophikawo. Choncho madzi amene simungayerekeze kuthirira nawo letesi angathandize kupanga mafuta a sopo kapena perefyumu, madzi abwino n'kutsalira anthu ndi mbewu zodyedwa.

Koma tamverani izi. Mbewu ikamwa madzi, mchere wambiri umatsala m'nthaka, ndipo chaka ndi chaka umawonjezekera. Mukukumbukira osmosis ya mu Biology ija? Madzi amayenda kuchoka kumene kuli mchere wochepa kupita kumene kuli wambiri. Nthaka ikachuluka mchere, mizu imalephera kukoka madzi, mbewu n'kufota munda uli chinyontho. Sodium ndiye amaonjeza vuto: amamwaza tinthu ting'onoting'ono ta dothi lamakande, timipata ta mpweya n'kutsekeka, pamwamba n'kuuma gwa. Mvula ikagwa madzi amangodikha.

Apa ndi pamene amathira gypsum, amene ndi calcium sulphate. Calcium amalanda malo a sodium pa dothi, sodium uja n'kumasuka. Ena amathira sulphur kapena manyowa kuti nthaka ifewe. Komatu gypsum sachotsa mchere m'munda. Amangoumasula basi. Pamafunikabe mvula kapena madzi abwino okokolola mcherewo kupita pansi kupyola mizu, komanso ngalande zoti madziwo atulukire. Zimenezi zikasowa, ndalama za gypsum zapita pachabe.

Wina anganene kuti, "Bola mlimi wakolola n'kugulitsa." Ine ndikukana. Zokolola za chaka chimodzi sizitiuza zimene munda udzakhale pakatha zaka 10, ndipo kukonza nthaka yoonongeka ndi mchere kumadya nthawi ndi ndalama zambiri.

Nkhaniyi si yakutali kwenikweni. Ku Chikwawa ndi Nsanje kuli mijigo yotulutsa madzi amchere, ndipo udzu wa vetiva umene timadzala pa akalozera umapirira mchere, mizu yake imatulutsanso mafuta onunkhira. Tsono mukadzamva wina akuyamikira ulimi wotere, mufunseni ngati amayeza mchere wa m'nthaka chaka chilichonse, komanso kumene mchere wokokololedwawo ukupita.